Kampani ikakusankhani kutsogolera thandizo madzi akasefukira

Abwana akangoti inuyo ndiye mutsogolere, musathamangire kugula matumba a ufa ayi. Yambani mwaimbira a INGD (bungwe loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ku Mozambique) ndi ofesi ya boma lanu, iwowo ndiye amadziwa kumene anthu athawira, nthawi zambiri kumasukulu, mukangonyamuka panokha mukapeza mwaunjika katundu pamene ena apereka kale pomwe mudzi wina sunalandire olo sopo.

Kenako funsani za msewu. Mukukumbuka Januwale 2022 namondwe Ana atagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize? Ndiye ngati mukuthandiza ku Angónia gulani konko ku Ulongue, osadalira lole yochokera mtauni ya Tete.

Mayina a olandira lembani pamodzi ndi amfumu komanso azimayi angapo a mmudzimo, amfumu okha nthawi zina amayamba ndi abale awo, tonse tikudziwa. Pambali pa ufa ndi nyemba musaiwale Certeza (mankhwala ophera tizilombo mmadzi akumwa), ndowa, maneti a udzudzu ndi malona, chifukwa kolera ndi malungo zimabwera madzi akamaphwa.

Malisiti onse sungani, kuofesi akawafuna. Zithunzi pemphani kaye eni ake musanajambule.