Momwe mungapangire chithunzi cha nthano pophatikiza mafoto pa kompyuta

Mabuku ambiri a nthano omwe ana athu akuwerenga zithunzi zake ndi za nyumba za mafumu a ku Ulaya, pomwe ife tili ndi Kalulu, Fisi, Kamba ndi Njovu omwe ana amangowamva pakamwa osawaona pa pepala. Ubwino wake masiku ano sizilira kuti ukhale katswiri wa pensulo, umangotenga mafoto angapo osiyana nkuwalumikiza pa kompyuta mpaka aoneke ngati chinali chithunzi chimodzi kuyambira kale. Ine ndigwiritsa ntchito nthano ija ya chitsime, yomwe nyama zonse zinakumba nthawi ya chilala Kalulu nkukana kukumba nawo, kenako amabwera kudzaba madzi mpaka Kamba anadzipaka ulimbo pamsana nkumugwira.

Choyamba sankhani kachigawo kamodzi ka nthanoyo basi, osati yonse. Ine ndinasankha pomwe Kalulu wamatirira pamsana pa Kamba m'mbali mwa chitsime dzuwa likulowa. Tengani pepala mujambule mwachisawawa kuti chitsime chili apa, mlambe uli uko, nyama zili apa, ndipo pakona pa pepalalo mujambulepo kadzuwa kosonyeza mbali yomwe kuwala kukuchokera. Kadzuwa kameneka musakaiwale, mudzaona chifukwa chake kutsogoloku.

Kenako pezani foto ya malo. Iyi jambulani nokha ndi foni, dambo louma la mu Okutobala kapena milambe ya ku Mangochi ndi ku chigwa cha Shire simungaipeze bwino pa intaneti kuposa mmene mungajambulire nokha. Jambulani m'mawa kapena cha m'ma 5 koloko madzulo, masana dzuwa lili paliwombo chilichonse chimaoneka chouma komanso mithunzi imada kwambiri. Ndipo gwadani pojambula, foni ikhale pafupi ndi nthaka pa msinkhu wa maso a kalulu, chifukwa mukajambula mutaimirira nyama zanu zidzaoneka ngati zagona chafufumimba. Mnzanu akakujambulirani muuzeni atumize pa WhatsApp ngati document, akatumiza ngati foto wamba imafika itaphwanyidwa kale ndipo posindikiza imaoneka timabokosi.

Nyama ndiye zovutirapo, kalulu wa kutchire sangakudikireni kuti mumujambule. Pitani pa masamba a pa intaneti a Unsplash, Pexels kapena Pixabay, mafoto ake ndi aulere ndipo amaloleza kugwiritsa ntchito ngakhale pa buku logulitsa. Koma musalembe rabbit pofufuza, akubweretserani akalulu onenepa oyera a m'khola omwe si Kalulu wathu wa m'nthano, lembani scrub hare kapena African savanna hare mupeze wamiyendo italiitali ndi makutu aatali, kamba mulembe leopard tortoise. Pa Wikimedia Commons pali ambiri abwino koma ochuluka amafuna mutchule dzina la wojambula, werengani kaye pansi pa fotoyo. Zongotola pa Google musayerekeze ngati bukulo mukufuna kudzagulitsa. Mukafuna kuikamo mwana weniweni ngati wosewera, pemphani kaye makolo ake muwauze komwe chithunzicho chikupita.

Za pulogalamu. Photoshop ndi yabwino inde koma imalipiridwa mwezi ndi mwezi mu madola, ndi mmene forex ikuvutiramu ambirife sitingakwanitse. Ndiye pali anyamata ena m'tauni amakuuzani kuti bwana bweretsani laputopu tikuikireni Photoshop ya full pa mtengo wa chips, abale samalani, zambiri ndi za crack zimabwera ndi ma virus ndipo flash yawo ija yalowa m'makompyuta osawerengeka. Palibe chifukwa choikira laputopu yanu pachiswe poti GIMP ndi yaulere, mumangodawuniloda kamodzi ndi bandulo ya usiku basi. Ngati simukufuna kuika chilichonse tsegulani Photopea mu browser, imafanana kwambiri ndi Photoshop ndipo imatsegula mafayilo a PSD, omwe ndi mafayilo a Photoshop. Pa foni PicsArt imathako koma ubweya wa nyama kudula ndi chala ndi chintchito.

Tsegulani pepala latsopano, ngati mudzasindikiza pa A4 ikani 2480 ndi 3508 pixels pa 300 dpi, ikani foto ya malo ija pansi, nyama iliyonse pa layer yake, ma layer ali ngati mapepala oonekera osanjikizana omwe lililonse mumalisintha palokha. Podula nyama musagwiritse eraser, ikani layer mask yomwe imangobisa osafufuta, penti yakuda imabisa yoyera imabweza, ndiye mukadula khutu mwangozi limabwerera. Mu Photopea muli Magic Cut yomwe imachita zambiri yokha, mu GIMP yesani Foreground Select, kenako m'mbali mwa ubweya mudutsemo ndi kaburashi kakang'ono kofewa. Izi sizovuta, ndi kudekha chabe.

Pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa kuwala ndi mthunzi, chifukwa apa ndi pomwe chithunzi changa choyamba chinakanika. Kudula kunali bwino, mitundu inali bwino, koma Kamba ndi Kalulu amaoneka ngati stika yomata pa galasi la minibasi, ali m'malere osakhudza pansi. Vuto linali pawiri. Pa foto ya dambo dzuwa limachokera kumanzere, pomwe pa foto ya kalulu limachokera kumanja, ndiye diso la munthu limadziwa kuti pali cholakwika ngakhale mwiniwakeyo sangafotokoze kuti ndi chiyani. Apa ndi pomwe kadzuwa ka pa pepala kaja kamagwira ntchito. Yang'anani nyama iliyonse kuti mbali yowala ndi iti, ikasemphana ndi malo ingoitembenuzani ndi Flip Horizontal. Ngati foto ya nyamayo inajambulidwa masana ndi dzuwa la pamutu pomwe malo anu ndi a madzulo, musalimbane nayo, kasakeni ina, ndikunenetsa mudzataya usiku wonse ndi bandulo yomwe koma sizidzagwirizana.

Vuto lachiwiri linali mthunzi weniweniwo, ndipo mithunzi ilipo iwiri osati umodzi. Woyamba ndi kaja kakang'ono kakuda kwambiri komwe kamakhala pomwe phazi lagunda nthaka, pansi pa mimba ya Kamba, komanso pomwe mapazi a Kalulu akhudza chigoba. Tsegulani layer yatsopano pansi pa nyamayo, muiike pa Multiply kuti pentiyo izidetsa zomwe zili pansi pake osaziphimba, mutenge burashi yofewa opacity (mphamvu ya penti) cha m'ma 20 kapena 30 muzipaka pang'onopang'ono mobwereza, pafupi ndi phazi pade kwambiri kutali pazipepuka. Kamthunzi kameneka kokha kamatsitsa nyama pansi, mukangokaika muona kusintha nthawi yomweyo.

Wachiwiri ndi wautali uja wogwera mbali yosiyana ndi dzuwa. Pangani duplicate ya nyamayo, muidetse yonse, muitembenuze chadodolido kenako muikoke ndi Perspective kapena Distort mpaka igone pansi kulowera komwe mithunzi ya mitengo ndi miyala ya pa foto yanu ikulowera. Kutalika kwake muonerenso kwa mitengo yomweyo, ngati mthunzi wa mlambe ndi wautali kuposa mlambewo ndiye wa Kamba nawo utalike chimodzimodzi. Ikani Multiply, tsitsani opacity kufika cha m'ma 50, kenako Gaussian Blur yofewetsa m'mbali mwake, koma osati mofanana ponse ayi, pafupi ndi mapazi mthunzi umakhala wakuthwa, kumapeto kwake umasungunuka. Ndipo chonde musagwiritse penti yakuda bii. Mthunzi wa panja sukhala wakuda bii, madzulo umakhala ndi kabuluu pang'ono kochokera kumwamba, pa dothi lakatondo umapita ku bulauni, ndiye tengani eyedropper, kachida kotolera mtundu, mudine pa mthunzi womwe ulipo kale pa foto ya malo mugwiritse mtundu umenewo. Pomaliza bisani pang'ono mapazi ndi mask kuti tiudzu tiwiri titatu tidutse kutsogolo kwake, nyama ioneke kuti yaima mu udzu osati pamwamba pa udzu.

Njira yachidule yoyesera ngati zatheka, sandutsani chithunzi chonse chikhale black and white kwa kanthawi muchiyang'ane chili chaching'ono. Chomwe sichikugwirizana chimatumphuka chokha, kaya nyama yawala kwambiri kaya mthunzi wada mopyola. Kapena muonetseni mwana, akafunsa kuti kalulu akuuluka bwanji ndiye bwererani.

Zotsalazi ndi zachangu. Mitundu ya nyama muigwirizanitse ndi malo pogwiritsa Curves yosinthira kuwala ndi Color Balance yosinthira mitundu, madzulo onjezerani kachikasu ndi kofiira. Zakutali monga Njovu yomwe ikubwera kumbuyo zikhale zotuwirako komanso blur pang'ono. Kuti pamveke unthano ikani layer ya orenji pa Soft Light pamwamba pa zonse opacity yochepa, koma musachulutse nyenyezi ndi utsi monga ambiri amachitira. Kenako ka noise (timadontho ngati mchenga) pang'ono pa chithunzi chonse kuti mafoto onse afanane khungu. Siyani malo opanda zambiri kumwamba kapena pansi polembapo mawu, Padangokhala wanu akwane bwino.

Sevani pafupipafupi, magetsi sachenjeza. Sungani fayilo ya ma layer, XCF ya GIMP kapena PSD, kenako mutulutse JPG ya pa Facebook ndi PDF ya kosindikiza. Kosindikizako auzeni atulutse pepala limodzi kaye muone musanalipire zonse, chifukwa pa pepala zimada kuposa pa sikirini, ndipo malo ena inki yawo ndi yothira yotchipa, dzuwa lanu la madzulo lija limatuluka lobiriwira koma ndalama amafuna yonse. Likatuluka loda kwezani Curves pang'ono mubwerezenso.