Kukwera phiri la Ben Nevis kukakhala chifunga

Ben Nevis, pafupi ndi tauni ya Fort William ku Scotland, ndilo phiri lalitali kuposa onse ku Britain, mamita 1,345. Munthu wa kuno ku Mzuzu akhoza kulipeputsa poti mzinda wathu womwe uli pamtunda wa mamita opitirira 1,200. Koma kumeneko mumayambira m'chigwa cha Glen Nevis, pafupifupi mofanana ndi nyanja, ndiye mamita onsewo mumakwera ndi miyendo yanu. Njira ya anthu ambiri, Mountain Track, ndi makilomita pafupifupi 17 kupita ndi kubwera, maola 7 mpaka 9. Nyamukani m'mamawa.

Mu Epulo ndi Meyi pansi pamagwa mvula yamawawa ngati yathu ya mu Juni, pomwe pamwamba pakadali chipale chofewa. Pa mamita 1,000 aliwonse kumazizira ndi madigiri pafupifupi 6, osawerengera mphepo. Dzulo lake werengani zanyengo za Mountain Weather Information Service. Akanena kuti chipale chaundana n'kulimba m'njira, pafunika zitsulo zomangira kunsi kwa nsapato, kankhwangwa ka pa ayezi ndi luso lozigwiritsa ntchito. Ngati mulibe, sinthani tsiku.

Jinzi ndi malaya a thonje zisiyeni. Thonje likamwa thukuta siliuma, ndipo mukangoima limayamba kukuchotsani kutentha m'thupi. Valani malaya ouma msanga, juzi, jekete ndi thalauza zosalowa madzi, mabuti olimba. M'chikwama muike magolovesi apadera, chipewa, tochi ya pamutu, wizulo, madzi malita 2 ndi chakudya chodya mukuyenda, monga mtedza ndi buledi.

Mpaka pa dziwe la Lochan Meall an t-Suidhe njira ndi yooneka bwino. Mukaoloka mtsinje wa Red Burn imayamba kukhotakhota m'miyala yoterera.

Vuto lenileni lili pamwamba. Ndi malo athyathyathya, ndipo chifunga chikakumana ndi chipale, thambo ndi nthaka zimaoneka chimodzimodzi. Kumpoto kuli maphompho a mamita mazanamazana, ndipo mphepo imaunjika chipale cholendewera m'mphepete mwake, chooneka ngati nthaka koma kunsi kulibe kanthu. Mapazi a anthu ena musawatsate. Mwina naonso anasochera. Potsika, imani pa chipilala cha pansonga, tcherani kampasi pa madigiri 231 muyende mamita 150 okha, kuti mulambalale chigwembe cha Gardyloo Gully chomwe chimakhala kudzanja lamanja. Kenako tcherani pa 282 ndipo musapatuke. Ambiri poopa maphompho aja amakhotera kumanzere mosadziwa, n'kukathera m'chigwembe china cha Five Finger Gully, momwe anthu afamo.

Mamita 150 amenewa mumawayeza ndi masitepe anu, choncho phunzirani mukadali kuno. Pabwalo la mpira yezani mamita 100, muwerenge kuti phazi lamanzere latera kangati. M'chipale nambalayo imakwera chifukwa masitepe amafupika. Foni musaidalire yokha, batire imatha msanga kukazizira. Mapu a pepala akhale m'pulasitiki.

Mnzanu akayamba kunjenjemera kwambiri, kupunthwa kapena kulankhula mosokonekera, kuzizira kwamulowa m'thupi. Muvekeni zouma, mumpatse cha shuga, mubwerere naye pansi. Zikavuta imbani 999, mufunse apolisi, kenako gulu lopulumutsa anthu m'mapiri.