Kafesedwe ka mtengo wa oki muno mu Harare

Oki wa ku Ulaya, Quercus robur, amadziwika ndi tsamba lake. M'mphepete mwake ndi mokhotakhota, muli timakutu tobulungira tinayi kapena tisanu mbali iliyonse, ndipo kaphesi kake n'kakafupi moti tsambalo limakhala ngati lamatirira ku nthambi. Njere ndiye zimalendewera pa phesi lalitali, iliyonse itavala kachipewa. Akayoyola masamba m'nyengo yozizira ya Juni musamuyese wouma, amaphukanso cha mu Seputembala.

Njere zimagwa cha mu Malichi ndi Epulo. Tolani zofiirira ndi zolemera. Ya kabowo isiyeni, mphutsi inadya kale m'kati. Chotsani zipewa, muziviike m'ndowa usiku umodzi, zoyandama mutaye.

Ambiri amalakwitsa apa. Njere ya oki si chimanga choti muyanike n'kudikira mvula ya Novembala. Ikauma ndiye kuti yafa. Fesani sabata yomweyo m'chubu chakuya masentimita 30 kapena kuposa, chodzaza dothi losakaniza ndi mchenga ndi manyowa owolerana. Igonekeni chammbali, mukwirire masentimita 2 kapena 3, pamwamba muike waya wa sefa kuopa makoswe. Kuya kwa chubu n'kofunika chifukwa umayamba kutuluka ndi muzu umodzi wolunjika pansi, mphukira imabwera mochedwa, mwina mpaka kuzizira kutatha. M'chubu chachifupi muzuwo umazungulira pansi, ndipo mtengo wotere umapinimbira ngakhale mutauwokera pa nthaka yabwino. Dothi lizikhala lachinyezi, osati matope.

Wokerani mu Disembala mvula itakhazikika, m'dzenje la masentimita 60 mbali zonse, dothi la m'chubu lisagumuke. Mtengowu umapitirira mamita 20 kutalika ndipo umatambalala, choncho utalikirane ndi nyumba komanso mapaipi mamita 15. Kunena zoona, pabwalo la nyumba za ku Mbare kapena ku Mufakose sungakwane. Malo ake ndi pa sukulu, pa tchalitchi kapena pa puloti yaikulu.

Zaka ziwiri zoyamba thirirani malita 20 pa sabata m'chilimwe, makamaka mu Okutobala. Udzu wophimbira usakhudze tsinde, umaitana chiswe. Zoyera ngati ufa pa masamba anthete ndi nkhungu, imapiringiza masamba a mbande. Zitalikitseni mphepo izidutsa, ndipo pothirira musanyowetse masamba. Kumadera kofunda oki amakula msanga kuposa kwawo ndipo sachedwa kuwola pamtima, ndiye nthambi zosafunika muzidula mu Julayi zikadali zazing'ono ngati chala, bala lisakule.