Kuphunzitsa foni kuzindikira ntchemberezandonda pa tsamba la chimanga

Kompyuta siona tsamba monga alionera mlangizi wa zaulimi. Imalandira manambala basi. Chithunzi cha madontho 224 m'litali ndi 224 m'lifupi, dontho lililonse lili ndi mitundu itatu, chimapereka manambala 150,528. Pamulu umenewu imasakasaka chilichonse chimene chikubwerezabwereza pa zithunzi zomwe mwazipatsa dzina limodzi. Chobwerezacho chikakhala mabowo a mbozi, zakuyenderani. Chikakhala dothi lakatondo kumbuyo kwa tsamba, kapena chala cha wojambula, iphunzira chimenecho, ndipo sikuuzani.

Zimenezi zinaonekera poyera mu 2016. Sharada Mohanty, David Hughes ndi Marcel Salathé anaphunzitsa kompyuta ndi zithunzi 54,306 za masamba, za m'nkhokwe ya zithunzi ya PlantVillage, za mbewu 14 ndi matenda 26. Pa zithunzi za gulu lomwelo inakhoza 99.35 pa 100 iliyonse. Atayiyesa ndi zithunzi zochokera kwina, inatsikira pa 31. Masamba a PlantVillage anali othyoledwa, ogonekedwa pamalo opanda china chilichonse kumbuyo, limodzilimodzi. M'munda mulibe zimenezo. Choncho pa ntchito yonse yomwe ili m'munsimu, nthawi yambiri ipite ku zithunzi. Kulemba pulogalamu n'kwa masana amodzi.

Sankhani magulu musanagwire foni

Mbozi ya ntchemberezandonda yochokera ku America inaoneka mu Africa mu 2016, ndipo mu Disembala 2017 boma la Malawi linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha iyo. Koma musamange modelo (pulogalamu imene imaphunzira kuchokera ku zithunzi) ya magulu awiri okha, "mbozi" ndi "labwino". Modelo yotere ikaona tsamba lachikasu ilibe kothawira, ndiye ingolozera limodzi mwa awiriwo molimba mtima.

Yambani ndi magulu asanu: tsamba labwino, lodyedwa ndi ntchemberezandonda, lodyedwa ndi kapuchi, la matenda a mizeremizere yachikasu, ndi gulu la "zina". M'gulu lomalizali muikemo udzu, mapira, nzimbe, dothi, nsapato, thambo, chithunzi chosaoneka bwino, ndi tsamba losowa feteleza, lija limachita chikasu kuyambira kunsonga kutsata msana wake. Alimi adzajambula zonsezi.

Povuta ndi pa mbozi ziwirizi. Ntchemberezandonda ikadali yaing'ono imapala tsamba mbali imodzi n'kusiya kakhungu koonekera ngati pepala lopyapyala. Ikakula imang'amba mabowo akuluakulu osalongosoka, n'kusiya zitosi zonga utuchi wonyowa m'kati mwa nsonga, momwe mumatulukira masamba atsopano. Mboziyo ili ndi chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu, ndi madontho anayi akuda oyalana ngati ngodya za bokosi chakumchira. Kapuchi kawirikawiri amasiya timabowo tating'ono tondandalikana mopingasa tsamba, chifukwa anaboola tsambalo lisanatambasuke. Chimanga chikadali chaching'ono, ngakhale alangizi amatha kusiyana maganizo. Chithunzi chimene anthu awiri odziwa sanagwirizane, chichotseni, musachite kuvotera.

Kujambula

Gulu lililonse lifunika zithunzi zosachepera 500, ndipo 1,000 n'zabwino koposa. Komabe chiwerengero chili pambuyo, patsogolo pali kusiyanasiyana. Zithunzi 500 za m'minda 25 zimaposa 3,000 za m'munda umodzi. Gwiritsani ntchito mafoni osachepera anayi, makamaka otsika mtengo aja a Itel ndi Tecno amene alimi ali nawo, osati foni yapamwamba ya mwini ntchito yokha. Jambulani m'mawa mame asanaume, masana dzuwa lili paliwombo, ndi tsiku la mitambo. Jambulani chimanga cha masabata awiri, cha m'mawondo, ndi choyandikira kumasula. Foni italikirane ndi tsamba masentimita 20 mpaka 30, tsamba lisathyoledwe.

Msampha waukulu ndi uwu: munthu mmodzi kupita ku Salima kukajambula masamba odwala okhaokha, wina kupita ku Dedza kukajambula abwino okhaokha. Modelo iphunzira kusiyanitsa foni ya uyu ndi ya uyo, kapena kuwala kwa kunyanja ndi kwa kumapiri. Lamulo lake n'losavuta: munda uliwonse, foni iliyonse ndi wojambula aliyense apereke zithunzi za magulu onse. Mukagwira tsamba ndi dzanja pojambula lodwala, gwiraninso pojambula labwino.

Dzina la chithunzi lisunge mbiri yake, mwachitsanzo munda07_foniB_0312.jpg, ndipo mulembe m'kaundula boma, tsiku ndi msinkhu wa chimanga. Popanda nambala ya munda simungathe kugawa bwino zithunzi, ndipo muona posachedwa chifukwa chake. Zithunzi zisayende pa WhatsApp mwachizolowezi, chifukwa imazifinya n'kufufuta timabowo ting'onoting'ono; tumizani ngati document, kapena koperani ndi chingwe. Pemphani chilolezo kwa mwini munda, musajambule nkhope za anthu, ndipo mufufute GPS yobisika m'zithunzi musanazigawire ena.

Bandulo ndi ndalama. Zithunzi 3,000 za 4 MB chilichonse ndi 12 GB. Zichepetseni pa laputopu kuti mbali yaifupi ikhale madontho 512 musanazikweze pa intaneti, zonse pamodzi zitsika kufika pa ma MB mazana ochepa. Pochepetsapo gwiritsani ntchito lamulo la exif_transpose la mu Pillow, chida cha Python chokonzera zithunzi. Foni zambiri sizitembenuza chithunzi chenichenicho, zimangolemba kachizindikiro kakuti "ichi chiimirire", ndiye mukaiwala, theka la masamba anu lilowa chogona.

Kugawa: apa ndi pamene ambiri amadzinamiza

Zithunzi zigawidwe patatu: 70 pa 100 zophunzitsira, 15 zoyang'anira pamene kuphunzira kukuchitika, 15 za mayeso omaliza. Pulogalamu zambiri zimasakaniza zithunzi zonse n'kutola mwachisawawa. Musalole. Munthu m'munda amajambula chomera chimodzi kanayi kapena kasanu, akusuntha pang'ono. Zikasakanizidwa, zitatu zigwera kophunzitsira, chimodzi ku mayeso, ndipo modelo ikhoza mayeso poti inaliona kale tsambalo. Zili ngati mwana amene waonera mayankho: malikisi 98, mutu mulibe kanthu.

Gawani ndi minda. Ngati minda ndi 25, patulani inayi ya mayeso, makamaka ya boma lina, inayi yoyang'anira, 17 yotsalayo yophunzitsira. GroupShuffleSplit ya mu scikit-learn, chida china cha Python, imachita zimenezi mukaipatsa nambala ya munda. Minda ya mayeso musaiyang'ane mpaka tsiku lomaliza. Malikisi atsika, mwina kwambiri, koma amenewo ndiye enieni.

Kuphunzitsa

Musayambe ndi modelo yosadziwa kanthu. Tengani modelo yotchedwa MobileNetV2, yophunzitsidwa kale pa ImageNet, mulu wa zithunzi zoposa 1.2 miliyoni za magulu 1,000. Modeloyi siidziwa chimanga, koma imadziwa kale m'mphepete mwa zinthu, mizere, madontho ndi kukhakhala, ndipo ndi yopepuka moti foni wamba imaikwanitsa. Google Colab, malo a pa intaneti oyendetserapo pulogalamu, imabwereketsa kwaulere GPU (chipangizo chofulumizitsa kuphunzitsa), ngakhale imatha kukudulani nthawi iliyonse. Sungani modelo ku Google Drive pakutha pa epoch iliyonse (ulendo umodzi wodutsa zithunzi zonse zophunzitsira), kuti magetsi kapena netiweki zikachoka muyambire pomwe munalekezera.

Gawo loyamba, chotsani mutu wakale wa magulu 1,000 (chigawo chomaliza cha modelo, chimene chimapereka yankho), muike wanu wa magulu asanu wokhala ndi dropout ya 0.2 (njira yoletsa modelo kuloweza). Tsekani thupi lonse kuti lisasinthe, muphunzitse mutu wokha ma epoch 10, ndi njira yophunzitsira yotchedwa Adam, learning rate (kukula kwa kusintha kumene modelo imachita pa sitepe iliyonse) 0.001, batch (zithunzi zolowa nthawi imodzi) ya zithunzi 32. Gawo lachiwiri, tsegulani ma layer (magawo osanjikizana a thupi la modelo) 30 omaliza, mutsitse learning rate kufika pa 0.00001, mupitirize ma epoch ena 10 kapena 15. Mukaiwala kutsitsako, zimene modelo inabwera nazo zimafufutika m'mphindi zochepa, ndipo muona malikisi akugwa mwadzidzidzi. Ma layer a BatchNormalization, amene amalinganiza manambala oyenda m'kati mwa modelo, akhalebe otseka.

Pophunzitsa, pulogalamu izitembenuza zithunzi, kuzipendeketsa mpaka madigiri 20, kuziyandikitsa, kuziwalitsa ndi kuzidetsa pang'ono. Mtundu wokha musausinthe kwambiri. Kusiyana kwa tsamba labwino ndi lodwala nthawi zina kuli pa chikasu chokhacho, ndiye mukasandutsa lobiriwira kukhala lachikasu mukuphunzitsa bodza.

Malikisi a zophunzitsira akamakwera pamene a zoyang'anira aima kapena akutsika, modelo yayamba kuloweza. Imitsani pomwepo, mutenge ya epoch imene inachita bwino.

Kuwerenga zotsatira

Nambala imodzi ya accuracy (zithunzi zimene modelo yakhoza pa 100 iliyonse) imabisa zambiri. Ngati zithunzi 80 pa 100 za mayeso ndi masamba abwino, modelo yongoyankha kuti "labwino" nthawi zonse ipeza 80 isanapezepo mbozi ngakhale imodzi. Tulutsani confusion matrix, tebulo loonetsa magulu amene modelo ikusokoneza, muone gulu ndi gulu. Funso lofunika ndi ili: pa masamba 100 odyedwadi ndi ntchemberezandonda, yapeza angati? Kuphonya mbozi kumadyetsa munda; kunamizira tsamba labwino kumagulitsa mlimi mankhwala osafunika. Zonse n'zoipa, koma muyenera kusankha mwadala kumene mukupendekera. Gulu likakhala ndi zithunzi zochepa, lipatseni kulemera kokulirapo ndi class_weight, ngakhale njira yeniyeni n'kubwerera kumunda kukajambula zina.

Kenako tsegulani zithunzi 50 zimene yalakwitsa, muziyang'ane ndi maso chimodzichimodzi. Zina mupeza kuti wolakwa ndi amene analemba dzina. Pa zinazo yendetsani Grad-CAM, imene imapaka utoto pamalo pomwe modelo inayang'ana popereka yankho. Utoto ukagwera pa mabowo ndi zitosi, zili bwino. Ukagwera pa chala, pa mthunzi kapena pa mzere wa dothi, musavutike kusintha learning rate. Vuto lili m'zithunzi.

Kuika pa foni

Sandutsani modelo kukhala ya TensorFlow Lite, imene tsopano ikutchedwa LiteRT, kuti igwire ntchito popanda intaneti, monga ichitira pulogalamu ya Nuru ya PlantVillage. Mukaifinya kukhala ya int8 (manambala ake n'kusungidwa m'malo ochepa) imachepa pafupifupi kanayi, moti imatha kutumizidwa ndi Bluetooth. Kufinyako kumafuna zithunzi zachitsanzo 200 kapena 300 zochokera m'magulu onse. Mukatha, yesaninso yofinyidwayo pa minda ya mayeso ija, chifukwa imeneyo ndiyo ikupita kwa alimi.

Cholakwika chofala kwambiri pano ndi cha manambala. MobileNetV2 ya mu Keras, chida chomangira ma modelo, imayembekezera madontho a pakati pa -1 ndi 1. Wolemba pulogalamu ya Android akaipatsa a pakati pa 0 ndi 255, kapena 0 ndi 1, siidandaula. Imangoyankha zamkutu, kawirikawiri gulu limodzimodzi pa chithunzi chilichonse. Chinanso n'kusokoneza ndondomeko ya mayina a magulu, kapuchi n'kumatuluka ngati tsamba labwino. Njira yogwirira zonse ziwiri ndi imodzi: tengani zithunzi 10, muziyendetse pa laputopu ndi pa foni, muyerekeze manambala otuluka. Ayenera kufanana kapena kusiyana pang'ono chabe.

Ikani malire a chitsimikizo, poyambira 0.7, kenako muwasinthe potengera zithunzi zoyang'anira. Yankho likakhala pansi pa malirewo, foni inene kuti "Sindikutsimikiza, jambulaninso chapafupi kapena funsani alangizi." Ndipo isagamule za munda wonse ndi tsamba limodzi. Iuze mlimi kuti ayende mokhotakhota ngati W, aime malo asanu, ajambule zomera 10 pamalo aliwonse, ndiyeno iwerengetse kuti pa 50 zogwidwa ndi zingati. Zithunzi zimene foni inakayikira zisungidwe, mlimi akalola, kuti alangizi adzazilembe mayina, zidzalowe m'maphunziro a dzinja lotsatira.