Momwe mungakhalire pa bajeti ya sabata osakathera kwa katapila

Pepala la K5,000 litangotuluka mu 2022 tinkaliona ngati ndalama yaikulu. Lero mukaliphwanya pa benchi ya tomato, pofika pa ya usipa latha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma malipiro a ambirife sanathamange liwiro lomwelo. Ndiye ngati mukufuna kusungako kangachepe, musamaganize za mwezi wonse nthawi imodzi. Mwezi ndi wautali, munthu sungaugwire m'manja. Sabata ndiye imagwirika. Nayi njira yomwe ndimatsata ine.

Tsiku lomwe malipiro alowa, musanagule ngakhale Fanta, chotsani zinthu zomwe sizinenereredwa: lendi, mayunitsi a magetsi, madzi, fizi ngati ilipo. Pomwepo chotsaninso ndalama yomwe mukufuna kusunga. Musadikire kuti musunge zotsala, chifukwa sipatsala kanthu. Kenako gulani zinthu zikuluzikulu zokwanira mwezi: chimanga, thumba la makala, mafuta ophikira, sopo, shuga, mchere.

Tiyerekeze kuti mumalandira K300,000. Lendi K70,000, magetsi ndi madzi K25,000, yosunga K30,000, zogula za mwezi K75,000. Yatsala K100,000 ya ndiwo, thiransipoti, kuchigayo, mayunitsi a foni ndi zina za tsiku ndi tsiku. Manambalawa ndi chitsanzo chabe, inu ikani anu.

Pa chimangapo ndinenepo pang'ono. Kugula walkman tsiku lililonse n'kodula kwambiri kuposa kugula ndowa n'kukagayitsa nokha, izi aliyense akudziwa. Chomwe ena sadziwa n'choti ndowa za mavenda ena zinaphwanyidwa kunsi, thako lake linakankhidwira m'kati, moti imaoneka yodzaza ndi mulu pamwamba koma mukafika kunyumba n'kuthira mu ndowa yanu, chimanga chikulekeza m'khosi. Tengani ndowa yanu popita kumsika. Akakana kuyezera mu yanuyo, pitani kwa wina. Pisaninso dzanja mpaka pansi pa thumba, chifukwa chofumbwa amachibisa kunsi. Ngati muli ndi mpata, chimanga gulani nthawi yokolola, cha mu Meyi ndi Juni, musunge m'matumba a PICS, aja osalowa mpweya oteteza chimanga kuti chisafumbwe, osati mu Januwale pomwe mtengo wakwera kale.

Tsopano apa ndi pomwe pagona nkhani, ndipo ndi pomwe ine panandigwetsapo. K100,000 yatsala ija muigawe kangati? Aliyense amayankha kuti kanayi, poti mwezi uli ndi masabata anayi. Ayi ndithu. Masabata anayi ndi masiku 28. Kupatula Febuluwale, mwezi uliwonse uli ndi masiku 30 kapena 31. Pa chaka pali masabata 52, koma mukamagawa kanayi mwezi uliwonse mwakonzekera masabata 48 okha. Masabata anayi athunthu pa chaka mulibe ndiwo, mulibe ya minibasi.

Ndipo apo tikuwerenga ngati malipiro amabwera pa tsiku lake. Nanga tsikulo likagwa Loweruka, abwana n'kunena kuti tionana Lolemba? Nanga akauntanti akati sisitimu yavuta? Ine ndinagawa kanayi bwinobwino, envelopu iliyonse ndi ndalama yake, ndipo masabata anayiwo ndinayenda monyadira. Envelopu yomaliza inatha Lamlungu. Malipiro kuntchito anachedwa mpaka kumapeto kwa sabata inayo. M'nyumba munali ufa ndi mchere, koma ana sangadye nsima ndi mchere, komanso kuntchito sindikanapita wapansi. Ndalama yosunga ndinali nditaponya kale ku banki m'khonde, komwe sungangopita n'kukatenga ngati m'thumba mwako. Ndinathera kwa bambo wina wa katapila m'dera lathu, yemwe anandipatsa ndalama mosavuta, akumwetulira, n'kunena kuti pobweza ndiwonjezere theka lake. Chiwongoladzanja chimenecho chinadya pafupifupi zonse zomwe ndinavutikira kusunga mwezi umenewo, ndipo mwezi wotsatira ndinauyamba ndili kale m'dzenje.

Choncho gawani kasanu. Inde, zikuwawa. M'malo mwa K25,000 pa sabata mukhala ndi K20,000. Koma envelopu yachisanu ija ndi yomwe imakuolotsani masiku otsala aja. Mwezi womwe malipiro abwera msanga, mudzaipeza yosakhudzidwa kapena yongodyedwa pang'ono. Musaidye mokondwera. Isiyeni ikhale ya zadzidzidzi: chipepeso pamaliro, mankhwala mwana akatentha thupi usiku, thiransipoti ya mlendo yemwe wabwera kuchokera kumudzi ndi ya ulendo umodzi wokha. Zimenezi sizipempha chilolezo, ndipo munthu sungapite pasiwa chimanjamanja ati chifukwa bajeti yakana.

Wina anandiuza kuti kuli bwino kuwerenga masiku enieni kuchokera pa malipiro ano kufika pa enawo, n'kugawa ndalama pa tsiku. Pa pepala n'zoona. Koma ndani ali ndi nthawi yowerenga zimenezo mwezi ndi mwezi? Kasanu basi, nkhani yatha.

Ndalama ya sabatayo ikhale yogwirika, osati ya pa foni. Airtel Money ndi TNM Mpamba n'zothandiza polipira mabilu ndi kutumiza kumudzi, koma ndalama ya ndiwo ikakhala mmenemo imatuluka osaimva. Bandulo apa, kubetcha mpira apo, mnzanu wina "tandiponyereko 2 pin ndibweza mawa". Komanso nthawi iliyonse mukatapa kwa ejenti amakudulani, ndiye kutapa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku n'kungotaya ndalama. Tapani kamodzi, mupemphe mapepala ang'onoang'ono, muike m'maenvelopu asanu, mulembe madeti pamwamba. Lolemba m'mawa tsegulani imodzi yokha. Zinazo zikhale pomwe dzanja silifika msanga. Ngati muli pabanja, akunyumba adziwe dongosololi kuyambira pachiyambi, apo ayi mudzapeza envelopu ya sabata yachitatu yatsegulidwa kale kuti agulire nkhuku alendo.

Mukatsegula, yambani mwapatula ya thiransipoti ya sabata yonse. Makondakitala amakweza mtengo mafuta akangosowa kapena mvula ikangogwa, ndiye ikaniponi kapamwamba. Kabaza ndi wa tsiku lomwe mwachedwa zenizeni, osati chifukwa dzuwa lawala.

Yotsalayo ndi ya kumsika. Pitani kamodzi kapena kawiri pa sabata, mutalemba zogula, mutadya kale. A ku Lilongwe akudziwa kuti ku Wakawaka m'mamawa tomato, anyezi ndi kabichi mumagula pa mtengo wooda, ndipo mukagwirizana ndi aneba awiri n'kugawana dengu limodzi, zimatsika kwambiri. Amene mukudutsa msewu wa M1, pa Lizulu musangodutsapo. Madzulo msika ukamatsekedwa masamba amatsikanso mtengo, poti wogulitsa safuna kubwerera nawo. Nenererani, ndipo basela musachite naye manyazi. Koma mafuta ophikira oyeza m'timabotolo samalani nawo, ena amasakaniza ndi omwe akazingira kale tchipisi. Ayang'aneni padzuwa, akakhala akuda asiyeni. Thumba la makala nalonso linyamuleni kaye: likalemera modabwitsa, mwina kunsi kuli fumbi ndi miyala.

Ndiwo za sabata sindikuuzani, mukudziwa nokha. Nyemba, soya pieces, bonya, mazira, masamba, nyama kamodzi ngati envelopu yalola. Nyemba zinyikeni usiku kuti zisamalize makala. Nkhomaliro ya kuntchito nyamulani kunyumba.

Ngongole ya pa okala ikaneni. Kabuku kaja kamakoma polemba, koma pakutha pa mwezi mudzapeza zinthu zomwe simukukumbuka kuti munatenga, ndipo simungatsutse. Ngongole za pa foni nazonso chimodzimodzi.

Envelopu ikatha Lachisanu, yatha. Idyani zomwe zili m'nyumba mpaka Lolemba, osabwereka ya sabata yamawa. Ikatsalako chenje, chiponyeni mu yachisanu ija. Madzulo alionse lembani m'kope zomwe mwagula, ngakhale mandasi. Masabata awiri oyamba mudzaona nokha pomwe ndalama ikudonthera.

Yosunga ija muiike komwe kuitenga n'kovuta. Banki m'khonde ndi yabwino ngati anthu ake mukuwadziwa ndipo makiyi a bokosi akusunga anthu osiyana ndi wosunga bokosilo. Chipereganyu chimathandiza pogula chinthu chachikulu kamodzi, bola musalowe gulu lomwe woyambitsa akufuna kulandira woyamba. SACCO ya kuntchito (bungwe lomwe mamembala amasungitsako ndi kubwerekako ndalama), ngati ilipo, imadula ndalama isanafike n'komwe m'manja mwanu. Akaunti ya kubanki nayo ndi yotheka, koma funsani kaye kuti amadula zingati pamwezi, ndipo khadi lake musamayende nalo.