Kolala ya shati: musaisite isanayere

Amene mumagwira ntchito ya ulonda, ya m'mahotela kapena ya mu ofesi kuno ku Britain ndi ku Joni mukudziwa kuti shati imayamba kutha pakolala. Kwina konse ikadali yatsopano, koma pakhosi pachita kale mzere wachikasu.

Mzerewo ndi thukuta losakanikirana ndi mafuta odzola. Nthawi yozizira khungu likatuwa timapaka Vaseline mosaumira, ndiye zonse zimathera pakolala. Dzolani ndithu, koma dikirani mafuta alowe musanavale.

Makina ochapira paokha sachotsa litsiro limeneli, makamaka ku London kumene madzi ake sachita thovu msanga. Nyowetsani kolala, pakani sopo wamtanda wa Sunlight kapena kadontho ka sopo wotsukira mbale, tikitani ndi mswachi wakale, isiyeni mphindi 20, kenaka muchape pa madigiri 40. Jik musamuyandikize: pamalo pa thukuta amawonjezera chikasu. Chotsaninso timapulasitiki tija timakhala kunsonga za kolala, chifukwa timapindika m'makina. Tisungeni m'kabotolo, timasowa ngati singano.

Chimene chimapha kolala kwenikweni ndi moto. Mukasita kolala yosayera, litsiro limakhazikika m'nsalu, silichokanso. Ine mashati atatu oyera anandithera choncho chaka changa choyamba, chifukwa chothamangira basi ya m'mamawa. Makina oumitsira zovala nawonso ndi adani. Mkati mwa kolala zambiri muli kansalu kolimbitsa komata ndi guluu. Kakapsa kamamatuka, kolala n'kuchita matuza osatheka kuwongola. Pomwe dzuwa kulibe, kolekani shati pa hang'ala, mangani batani lapakhosi, iume yokha.

Posita, shati ikhale yonyowa pang'ono. Tambasulani kolala, yambani kunsi kwake, simbi ichokere kunsonga kupita pakati. Mukachokera pakati, makwinya amaunjikana kunsonga, pomwe aliyense amaona. Mukatha ipindeni ndi manja, osadinda mzerewo ndi simbi.

Pogula, zala ziwiri zizilowa pakati pa khosi ndi kolala. Yothina imaperepeseka msanga.

Ikaperepeseka musataye shatiyo. Kuno telala angakulipiritseni ndalama yofika pa mtengo wa shati ina, choncho iikeni m'chikwama cha ulendo wakumudzi. Atelala apakhonde ku Limbe kapena ku Lilongwe amaisosola kolala, n'kuitembenuza, mbali yothayo n'kubisika kunsi. Zimayenda bwino pa kolala zopanda timatumba ta timapulasitiki tija, ndiye yang'anani kaye kunsi kwake musanainyamule.