Kufinya Madzi a Zipatso za Pakhomo ndi Nthunzi ndi Kuwasunga M'mabotolo

M'mayadi ambiri a mu Lusaka, kuyambira ku Chelstone, Kabwata ndi Chilenje mpaka m'mafamu aang'ono a ku Makeni ndi ku Chongwe, muli mitengo ya mabulosi, magwafa ndi mango imene imabereka kuposa zomwe banja lingadye. Mabulosi amapsa mu Seputembala ndi Okutobala. Magwafa amachuluka mvula ikamapita kumapeto. Zipatso zambiri zimangolakatika n'kuolera pansi, pomwe banja lomwelo limagula zakumwa za m'mapaketi chaka chonse. Poto wofinyira zipatso ndi nthunzi, amene m'masitolo amalembedwa kuti steam juicer, angathandize kwambiri pamenepa, koma pali zinthu ziwiri zimene ogula ambiri sauzidwa: si chipatso chilichonse chimene chimagwirizana naye, ndipo kutentha kwa potoyu pakokha sikukwanira kuti botolo likhale miyezi pa shelufu.

Poto ameneyu ali ndi zigawo zitatu zosanjikizana ndi chivindikiro pamwamba. Chapansi ndi cha madzi, ndicho chimakhala pamoto. Chapakati chimalandira madzi a zipatso. Pakatikati pake pali chibowo chotukuka ngati fanulo yozondoka, pomwe nthunzi imadutsira kukwera m'mwamba, ndipo m'mbali mwake muli kapaipi ka labala kokhala ndi chopanira. Chapamwamba n'chamabowo ambirimbiri, ndimo mumaika zipatso. Nthunzi ikafika pa zipatso imazifewetsa mpaka zimatulutsa madzi, madziwo amadontha n'kusonkhana m'chigawo chapakati, njere ndi makoko n'kutsala pamwamba. Palibe kusenda, palibe kusefa ndi nsalu. Chidachi n'chofala ku Finland ndi ku Germany, ndipo ambiri mwa mapotowa amakhala a malita 8 mpaka 11. Pogula, sankhani wa stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri. Wa aluminiyamu ndi wotsika mtengo, koma zipatso zowawasa zimamudya pang'onopang'ono ndipo madzi ake amamveka chitsulo.

Nkhani yaikulu yagona pa kusankha zipatso. Kuwiritsa botolo m'madzi kumapha nkhungu, yisiti ndi tizilombo tambiri, koma sikupha njere za kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, kamene kamapanga poizoni woumitsa ziwalo ndi kupha munthu. Chimene chimaletsa kachilomboka kukula m'botolo lotseka ndi kuwawasa. Muyeso wa kuwawasa umatchedwa pH, ndipo malire ake ndi 4.6. Madzi a zipatso amene pH yake ili pansi pa 4.6 angasungidwe pa shelufu atawiritsidwa m'botolo. Amene ali pamwamba pa malirewa sangasungidwe choncho, ndipo poizoniyo angakhalemo popanda fungo kapena thovu lokuchenjezani.

Magwafa, mphesa, maapozi ndi magalagadeya ndi owawasa mokwanira. Masamba ofiira a maluwa a chidede, chimene ambiri kuno amati lumanda, ndi owawasa kwambiri ndipo amapereka mtundu wokongola mukawasakaniza ndi magwafa kapena maapozi. Mabulosi akapsa kwambiri kuwawasa kwake kumachepa, choncho thyolani ofiira pang'ono pamodzi ndi akuda, ndipo pa lita iliyonse ya madzi ake thirani masipuni aakulu awiri a madzi a mandimu, omwe ndi mamililita 30.

Mapapaya, mavwende, nthochi ndi mapeyala (avocado) asalowe m'potoyu ngati cholinga n'kusunga pa shelufu. Mango ndi amene amanyenga anthu ambiri, chifukwa mu Disembala amakhala mbwee paliponse ndipo mtima umapweteka kuwaona akuola. Koma mango okupsa ali ndi mavuto awiri. Mnofu wake sutulutsa madzi ambiri ndi nthunzi, umangosanduka phala lotseka mabowo, ndipo kuwawasa kwake kumafika pamalire enieni kapena kupitirira. Mango ndi bwino kuwayanika, kupanga jamu wothira mandimu, kapena kusunga mnofu wake mufiriza. Malalanje ndi mandimu nawo finyani ndi manja, chifukwa makoko ndi njere zake zikapsa ndi nthunzi madzi amawawa. Zipatso zamtchire monga masuku, imwani madzi ake pompo kapena asungeni mufiriza, pokhapokha mutayeza pH n'kupeza kuti ili pansi ndithu pa malire aja.

Tsukani zipatso ndi madzi aukhondo ndipo tayani zoola ndi zankhungu. Kudula pamalo pomwe paola n'kugwiritsa ntchito chotsalacho kumawononga kukoma kwa poto wonse. Magwafa aduleni pa 4, osati chifukwa cha kukula kokha, komanso kuti muone ngati mulibe mphutsi, pakuti ntchentche za zipatso zimaikira mazira m'magwafa akayamba kupsa. Maapozi aduleni chimodzimodzi. Mabulosi ndi mphesa ikani osadula, timitengo take tingatsale. Magalagadeya kokotani zam'kati ndi sipuni, makoko tayani.

Thirani madzi m'chigawo chapansi kufika pa magawo atatu mwa anayi, awire kaye, kenako sanjikani zigawo zinazo. Onetsetsani kuti chopanira chatseka kapaipi musanayambe. Zipatso zidzaze chigawo chapamwamba koma chivindikiro chitseke bwino, apo ayi nthunzi imathawa. Werengani nthawi kuyambira pomwe nthunzi yayamba kutuluka m'mbali mwa chivindikiro. Mabulosi amatenga mphindi 45 mpaka 60, mphesa pafupifupi ola, magwafa ndi maapozi ola ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Chizindikiro chakuti zatha ndi zipatso kufota n'kutuwa, madzi n'kumangodontha pang'onopang'ono. Kilogalamu imodzi ya mabulosi kapena mphesa imapereka theka la lita kapena kuposerapo pang'ono. Magwafa amapereka ochepa.

Moto ukhale wosasinthasintha. Gasi ndi wabwino kwambiri. Pa mbaula, konzeranitu malasha ena oyaka kale oti muziwonjezera, chifukwa mukathira malasha ozizira madzi amasiya kuwira ndipo nthawi imatayika. Mbaula ikhale pakhonde kapena pamalo popita mphepo, chifukwa mpweya wa malasha m'nyumba yotseka umapha. Ogwiritsa ntchito sitovu ya magetsi adziwe kaye nthawi yomwe magetsi azimire kudera kwawo, pakuti ntchito yonse, kuyambira kufinya mpaka kuwiritsa mabotolo, imafuna maola atatu kapena anayi osadukiza.

Cholakwika chimene chimawononga mapoto ambiri ndi kuuma kwa madzi a pansi. Madzi akatha, poto amapserera, pansi pake pamapindika, ndipo fungo lachipserera limalowa m'madzi onse a zipatso. Yang'anani mphindi 30 zilizonse ndipo wonjezerani madzi owira kale a m'ketulo, osati ozizira. Ponyamula zigawo zapamwamba gwirani ndi nsalu yokhuthala, nkhope ikhale kutali, chifukwa nthunzi imaotcha kuposa madzi otentha. Cholakwika chachiwiri ndi kuiwala kutsanula. Chigawo chapakati chikadzaza, madzi a zipatso amasefukira m'chibowo chija n'kugwera m'madzi owira pansi, ndiye kuti mwataya. Pakatha mphindi 40 yambani kutsanula. Kapu yoyamba yotuluka m'kapaipi ibwezereni pamwamba pa zipatso, chifukwa imakhala isanatenthe mokwanira ndipo imatsuka zomwe zinali m'kapaipimo. Musatakase kapena kudinikiza zipatso ndi mthiko pofuna madzi ambiri: mnofu umagwera pansi, madzi amachita matope, ndipo kapaipi kamatseka.

Chotsanulira chikhale pa kampando kolimba, m'munsi mwa poto, ndipo botolo likhale m'beseni kuti musaligwire m'manja. Madziwo amatuluka otentha kwambiri. Ana aang'ono asayandikire konse, chifukwa kapaipi kolendewera kamakopa dzanja la mwana ndipo akakakoka poto yense amagwa.

Shuga sasunga madzi a zipatso mu njira imeneyi, ndi wongokometsa. Ndi bwino kutsanulira madzi onse m'sefuliya imodzi, kulawa, kuthira shuga wa magalamu 50 mpaka 100 pa lita ngati mukufuna, kuthira mandimu pomwe akufunika, n'kutenthetsanso mpaka atatsala pang'ono kuwira. Mukatero mabotolo onse amakoma mofanana, pakuti madzi oyamba kutuluka amakhala okhathamira ndipo omaliza amakhala osukuluka. Kwa odwala matenda a shuga, osathira konse, ndipo amwe pang'ono chifukwa zipatsozo zili ndi shuga wake kale.

Mabotolo akhale agalasi, a theka la lita kapena lita imodzi, opanda mng'alu kapena kubenthuka pakamwa. Yendetsani chala pamlomo pa botolo lililonse. Kapobenthuka kakang'ono n'kokwanira kulowetsa mpweya. Zotsekera zachitsulo zikhale zatsopano ngati n'kotheka, makamaka zokhala ndi kabatani pakati. Chotsekera chadzimbiri, chopindika kapena chonunkha atchala chitayeni. Mabotolo apulasitiki a madzi akumwa sapirira kutentha, ntchito yake ndi ya mufiriza basi, ndipo muthiremo madziwo atazizira, n'kusiya mpata wa masentimita 4 pamwamba chifukwa akaundana amafufuma.

Apa m'pofunika kukumbukira kuti Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yaikulu. Kuno madzi amawira pa madigiri 96 kapena kuchepera pang'ono, osati 100, choncho nthawi zolembedwa m'malangizo a kumadera otsika ziyenera kuwonjezeredwa. Mabotolo opanda kanthu awiritseni mphindi 15 ndipo akhale m'madzi otenthawo mpaka nthawi yothira. Botolo lozizira likalandira madzi otentha limasweka. Thirani madzi a zipatso akadali otentha, siyani mpata wa mamilimita 6 pamwamba, pukutani mlomo ndi nsalu yoyera yonyowa, tsekani molimba koma osakakamiza. Kenako ikani mabotolo choimirira m'sefuliya yaikulu yokhala ndi nsalu yopinda kapena kathandala pansi, madzi otentha apitirire zotsekera ndi masentimita 3 mpaka 5, vindikirani. Madzi akayamba kuwira mwamphamvu, werengani mphindi 10. Kumadera otsika madzi a maapozi ndi mphesa amawawiritsa mphindi 5 zokha, koma pamtunda wa Lusaka ndi 10. Madzi akasiya kuwira pakati, moto ukazirala, yambiraninso kuwerenga.

Ena amangothira madzi otentha m'botolo, kutseka n'kulizondotsa, ndipo nthawi zina zimatheka. Koma mpweya wotsala pamwamba ndi m'kati mwa chotsekera sizitentha mokwanira, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala nkhungu ndi yisiti sizichedwa kudzuka. Mphindi 10 zimenezi sizolemera poyerekeza ndi kutaya mabotolo khumi a ntchito ya tsiku lonse.

Mukatulutsa, imikani mabotolo pa nsalu, kutali ndi mphepo, osawakhudza kwa maola 12 mpaka 24. Musawaike pa simenti yozizira. Mawa lake dinikizani pakati pa chotsekera chilichonse. Chikakhala chololera m'kati ndipo sichikulira, latseka. Chikamadumpha, botololo liikeni mufiriji mumwe m'masiku ochepa. Lembani dzina la chipatso ndi tsiku, sungani pamalo amdima ndi ozizira, osati pafupi ndi malata kapena pawindo, ndipo mumwe chaka chisanathe. Botolo lotsegulidwa likhale mufiriji ndipo lithe sabata isanakwane. Lililonse lomwe chotsekera chatukuka, likuchucha, lili ndi thovu, nkhungu kapena fungo la mowa, tayani osalawa, ndipo musapatse nkhuku kapena nkhumba.

Madzi a magwafa ofinyidwa motere amapanga jele wabwino chifukwa magwafa ali ndi pectin wambiri wothandiza kugwirana: lita imodzi ya madziwo, shuga magalamu 750 ndi madzi a ndimu limodzi, kuwiritsa mpaka dontho ligwirane pa mbale yozizira. Zotsalira za magwafa zipyoletseni pa sefa kuchotsa njere n'kuphika jamu. Za mabulosi ndi mphesa zipite ku kompositi.

Pomaliza tsukani kapaipi msanga ndi madzi otentha a sopo, kadutsitseni madzi oyera, kapachikeni kaume m'kati musanakasunge, chifukwa ndimo nkhungu imabisala. Madzi a m'mijigo yambiri ya mu Lusaka amachokera m'miyala ya laimu, ndipo amasiya zoyera zolimba pansi pa poto. Zikachuluka madzi amachedwa kuwira. Wiritsanimo madzi osakaniza ndi kapu imodzi ya viniga kwa mphindi 10, zimatakasuka zokha popanda kukwecha ndi waya.